Mabuku ofufuza zakupha okhala ndi maphikidwe: ndiyambire pati?

Nachisale_wowerenga:
Akuluakulu, ndimakonda mabuku ozama, aja amakusiya ukuganiza sabata yonse. Tsopano ndikufuna opepukirapo, omwe wophika kapena wogulitsa makeke amafufuza mlandu wakupha. Ndiyambe ndi ati? Nanga maphikidwe amalembedwa m'katimo amatheka, kapena ndi zokongoletsera chabe?

Mphunzitsi_wopuma:
Achemwali, mabuku amenewa ali ndi malamulo ake. Wofufuza si wapolisi. Nkhani imachitikira m'katauni kakang'ono komwe aliyense amadziwana, ndipo kuphako sikuonetsedwa, mumangopeza mtembo. Wakuphayo amakhala munthu amene mwakumana naye kale m'mitu yoyambirira. Choncho pofika mutu wachisanu lembani papepala mayina a onse okayikitsa, komwe aliyense anali pa nthawi ya imfa, ndi zomwe akanapindula. Amene wolemba akumuloza kwambiri koyambirira kawirikawiri si iye. Tcherani khutu pamene anthu akucheza kukhitchini, chifukwa umboni amaubisa pakati pa kukanda fulawa ndi miseche.

Yambani ndi Recipes for Love and Murder la Sally Andrew, la 2015. Limachitikira ku Ladismith, ku Klein Karoo ku South Africa, ndipo limakhudzanso nkhanza za m'banja, ndiye munthu wozolowera zozama sangaone ngati wanyengedwa. Mabuku a Joanne Fluke, oyambira pa Chocolate Chip Cookie Murder la 2000, ndi otsekemera koma ofanana kwambiri. Mukawerenga atatu motsatizana mutopa nawo.

Mayi_a_uvuni:
Za maphikidwe ndiyankhe ine. Amatheka, koma a ku America ali ndi miyeso yawo. Kapu yawo ndi pafupifupi 240 ml, osati kapu ya tiyi iliyonse yomwe ili pafupi. Akati ndodo imodzi ya batala, ndi magalamu 113. Moto wa 350°F ndi pafupifupi 180°C.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa soda ndi baking powder. Si chinthu chimodzi. Soda ndi wamphamvu pafupifupi katatu, ndipo amafuna chowawasa kuti agwire ntchito. Chowawasacho chikasowa, keke imamveka sopo. Pomwe alemba buttermilk ikani chambiko, kapena kapu ya mkaka wothira supuni yaikulu ya madzi a ndimu, mudikire mphindi 10. Fulawa wawo wamba alibe chotupitsa, ndiye mukagwiritsa ntchito wotupitsa kale musawonjezenso baking powder. Mabisiketi akamayanzika ngati chitumbuwa chophwanyika, batala anasungunuka msanga: ikani chokandacho pozizira kwa mphindi 30 musanaphike. Majarini ofewa a m'kabakuli ali ndi madzi ambiri, sankhani olimba aja. Shuganso amachulutsa, kuchotsako gawo limodzi mwa magawo anayi sikuwononga keke.

Wa_ku_laibulale:
Musasiye ozamawo, muzisinthanitsa: lozama limodzi, lopepuka limodzi. Mlatho wabwino ndi Like Water for Chocolate la Laura Esquivel wa ku Mexico, la 1989. Si lofufuza zakupha, koma lili ndi mitu 12, uliwonse ndi mwezi wake ndi kaphikidwe kake, ndipo chakudyacho ndiye chimanyamula chisoni ndi chikondi cha wophikayo. Mabuku ofufuza aja muwatsate mwadongosolo lake, chifukwa buku lachinayi nthawi zina limaulula wakupha wa loyamba.