Chithunzi cha ng'ombe pamabwinja chija ndachidziwa

Mwezi watha ndinafunsa za chithunzi chakale chomwe ndinagula pamsika ku Leeds, choonetsa ng'ombe pakati pa zipilala zogumuka. Inu amene munati ndi ku Roma, munalasa, zikomo. Malowo ndi Forum, bwalo lalikulu la mzindawo, lomwe litakwiririka ndi dothi anthu ankangolitcha Campo Vaccino, busa la ng'ombe. Chipata chomira m'nthaka chomwe chili pachithunzipo n'cha mfumu ya Roma Septimius Severus, cha m'chaka cha 203. Amene anagoba chithunzichi pamkuwa kuti chizidindidwa ndi mmisiri wa ku Italy, Giovanni Battista Piranesi, yemwe anamwalira mu 1778.

Koma pepala langali ndi losalala, lilibe timizere tija timaoneka ukaloza pepala lakale kudzuwa. Ndiye kuti linadindidwa mochedwa, mwiniwake atapita kalekale. Ndalipachikabe pabalaza.