Chifuwa chouma miyezi 8, GeneXpert (yoyezera TB) negative kawiri, tipange bwanji?

Chisomo: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Kuno ku Kasungu ndili ndi bambo ena azaka 62, alimi a fodya, anadwalapo TB kalekale mankhwala anamaliza. Pano akutsokomola chouma miyezi 8, akangoti alankhule kapena kuseka basi chayamba mpaka misozi. GeneXpert kawiri negative, HIV negative, X-ray ikungoonetsa zipsera. Amoxicillin amwa, doxy amwa, ine manyazi akundigwira kumangowalembera zomwezomwezo

aMwale: Chonde musawayambitsenso mankhwala a TB chifukwa cha X-ray yokha, zipsera sizichoka zija. Akuonda? thukuta usiku? magazi?

Chisomo: Ayi ndithu, sikelo ili pomwepo

aPhiri: Achimwene pamenepo ine ndikuona kuti nkhani si tizilombo koma mitsempha. Mnjira za mpweya muli timitsempha ta vagus, ma C-fibre ndi ma A-delta, ntchito yake nkuuza ubongo kuti kwalowa chinthu tsokomola. Pa timitsemphati pali ma receptor, TRPV1 ndi ija imamva ukali wa kambuzi, TRPA1 imamva utsi, P2X3 imamva ATP yomwe ma cell amatulutsa akavulala. Ndiye mapapo akachita zipsera amauma gwa ngati chikopa cha ng'ombe chokhalitsa padzuwa, amakoka tinjira ta mpweya tija, munthu akangopuma mozama timitsempha tikukokeka kale, kutsokomolakonso kukuvulaza ma cell ATP ina nkutuluka, zikungozungulira choncho. Mwa odwala IPF, matenda oumitsa mapapo ndi zipsera popanda chifukwa chodziwika, anapezanso nerve growth factor (yokulitsa mitsempha) yochuluka mmakhololo, ndipo akawapumitsa capsaicin, ukali wa kambuzi uja, amatsokomola ndi kadozi kochepa kuposa munthu wabwinobwino. Zili ngati galu amene anaonapo akuba, pano akuuwa ngakhale tsamba la mango likagwa. Antibiotic angamutontholetse galu ameneyo?

Sister Nabanda: aPhiri mwatiphunzitsa koma inu madokotala mumathamangira zakuya. Chisomo, BP akumwa chani bambowo?

Chisomo: Eeh sindinayang'ane, health passport anabweretsa yatsopano

Sister Nabanda: Afunseni abweretse yakale ndi timapepala tonse ta mankhwala. Enalapril wa BP ameneyu amatsokomoletsa, watipusitsa kangapo kuno ku Mchinji, mayi ena tinawatumiza makhololo katatu konse

aPhiri: Zoona amayi, ndagonja. Enalapril amapangitsa bradykinin, kemiko ina ya mthupi, kuunjikana, ndipo imatokosa ma C-fibre omwewo, ndiye pa mapapo a zipsera ndi kuthira palafini pamoto. Mufunsenso za chilungulira, asidi akamakwera kummero amadzutsa vagus yemweyo. Asamagone atangodya nsima, kumutu kwa bedi akwezeko

aMwale: Nanga fumbi la mchigafa posankha fodya, ndi utsi wa nkhuni? TRPA1 wanuyo aPhiri ndiye amadya bwino pamenepo. Kuwauza asiye kulima fodya nkunama, sangamve, bola adzukulu azisankha iwo azingolondera ali panja

Chisomo: Zonsezi zikakanika?

aPhiri: Morphine wochepa. Ku UK anayesa 5 mg wa slow release kawiri patsiku kwa odwala IPF, zotsatira zinatuluka 2024, kutsokomola kunatsika pafupifupi 40%. Wathu kuno ndi wamadzi uja ndiye mukambirane ndi a palliative care za dozi, musaiwale bisacodyl apo ayi abweranso ndi dandaulo la kuchimbudzi. Gefapixant wotseka P2X3 ife tizingomumva dzina. Koma tsiku lomwe adzalavule magazi musachedwe atumizeni ku Central, fangasi wa aspergillus amakonda kukhala mmabowo osiyidwa ndi TB

Chisomo: Ndabweranso akuluakulu. Mdzukulu wabweretsa buku lakale lija, enalapril 10 mg anayamba chaka chatha. Ndawasinthira amlodipine, abwerenso pakatha masabata 4

Sister Nabanda: Musawalonjeze kuti chitha mawa, ena chimatenga mpaka miyezi 3. Fanta wanga ndidzamwera ku review meeting