Funso: parachuti ikakulunga mnzako m'mwamba, chitini cha utsi amatani nacho?

Akuluakulu amene munadumphapo ndi parachuti ku usilikali, ndithandizeniko. A Leap Frogs, gulu la zionetsero la asilikali a pamadzi a ku America momwe muli ma SEAL (makomando a pamadzi) ndi a SWCC (oyendetsa maboti a makomandowo), amadumpha kuchokera pa mafiti ofika 12,500, kenako n'kusanjikiza maparachuti, wapamwamba atakoletsa mapazi pa zingwe za mnzake. Wapansi akafika ndi liwiro, nsalu yake imakulunga wapamwambayo. Apa wapansi sadula parachuti yake mnzakeyo asanamuuze, chifukwa ikakhwefuka imam'zinga koposa.

Chomwe chikundizunguza mutu ndi chitini cha utsi chomwe amamanga kuphazi kuti oonerera aziwaona bwino m'mwamba. Chimatentha, ndipo chitha kukola zingwe. Amachitaya kaye, kapena amayamba ndi mpeni wodulira zingwe? Nanga kusanjikizanako amakuleka atatsika kufika pa mafiti angati?