Ndapeza galimoto ku Tete, ndiibweretsa bwanji ku Bangula mwalamulo?

Wa Nandolo Bangula

Moni nonse akuluakulu. Ndikufuna anthu oti njira imeneyi anayendapo andimasulire bwinobwino chifukwa aliyense amene ndamufunsa kuno akundiuza zakezake. Malume anga amakhala ku Moatize ndiye andipezera ka Mazda Bongo kotsegula kumbuyo kwa mnzawo wina wa ku Tete konko, ndakaona pa foni injini ikulira bwino matayala akadali ndi mano, ndipo mtengo wake ukasintha ma meticais kubwera ku kwacha ndi wotsikirapo kusiyana ndi zomwe akutchula ku Limbe. Ine geni yanga ndi ya nandolo ndi chitowe, nthawi zina mbuzi kupita nazo ku Nchalo kapena kukwera nazo ku Blantyre, hayala ndi amene wakhala akundidyera phindu ndiye kagalimoto kangakanga kangandiwombole kwambiri.

Funso langa, ndikalipira ndingangokwera nkuyendetsa mpaka kuno ndi nambala ya ku Mozambique? Wina akuti ndidzere ku Mutarara ndidzatulukire pa Vila Nova ndi Marka poti ndi kufupi ndi kwathu, wina akuti ndingotenga TIP, chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi, pa boda nkumakakonzanso ikatha, winanso akuti katundu wa mu SADC salipira dyute. Ine sindikufuna kuzemba msonkho ayi, ndalamazi ndasonkhanitsa movutika, ndikufuna ikafika pakhomo ikhale yanga yeniyeni ndizidutsa nayo pa Thabwa mtima uli m'malo. Ndiyambire pati?

Dalaivala wa Zobue

Achimwene mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, ambiri amafunsa galimoto ili kale pa boda apo ndiye zimakhala zitavuta. Ntchito yaikulu ili ku Tete konko musananyamuke, chifukwa pepala lomwe mwalisiya kumeneko palibe amene angakupangireni kuno.

Choyamba muone livrete ndi título de propriedade, amenewo ndiye bulubuku wawo. Dzina lomwe lili pamenepo lifanane ndi dzina la pa chitupa cha munthu amene akukugulitsaniyo, osati zoti ndi ya achimwene ake ali ku Beira kapena anagula kwa wina koma sanasinthe dzina, zimenezo muzikane ngakhale malume anu akumudziwa munthuyo kuyambira kale. Ngati dzina ndi la kampani, poti ku Moatize magalimoto ambiri anachokera ku makampani a malasha, pakhale kalata ya kampaniyo yovomereza kuti inagulitsa. Kenako mugwade nokha muwerenge nambala ya chasisi pa chitsulo penipeni ndi ya injini, chilembo chimodzichimodzi, mufananize ndi za pa pepala. Pakaoneka poti panapalidwa kapena kuwotchereredwa ingobwererani kumudzi ndi ndalama zanu.

Mukagwirizana mtengo mulembe kalata yogulitsana, iwo amati declaração de compra e venda, ndipo ikadindidwe kwa notário, mkulu wovomereza zikalata mwalamulo, yolembera pa bondo pansi pa mtengo siigwira ntchito. Mukatero mupite ku polisi ya konko galimoto akaiyang'ane akupatseni kalata yoti si yobedwa, ija ya SARPCCO yomwe apolisi a maiko a kuno kummwera anagwirizana. Kalata imeneyi musaichepetse, kuno a Interpol adzaifuna musanalembetse nambala ya Malawi ndipo popanda iyo galimoto idzangokhala pakhomo. Pomaliza ku Alfândega, a kasitomu awo, mutenge mapepala osonyeza kuti galimoto ikutuluka mdziko osabwereranso, apa mufunika despachante amene ndi ejenti wawo. Malume anu poti Chipwitikizi amalankhula muyende nawo maofesi onsewa, nokha mudzasainira zinthu zomwe simukuzimva.

Za njira ine ndinganene Zobue ndi Mwanza basi. Kuchoka Tete kudutsa Moatize kufika pa Zobue ndi tala yekhayekha makilomita ngati 120, ndipo pa Mwanza ma ejenti alipo ambiri, banki ilipo, magalimoto amakiliyalidwa tsiku ndi tsiku.

Mai a Tadala Nchalo

Ine ndilankhulepo za TIP zo chifukwa anthu kuno kuchigwa akunamizana nazo kwambiri. TIP ndi chilolezo cha mlendo, munthu wokhala ku Mozambique wabwera ndi galimoto yake kudzaona abale kapena kumaliro ndipo abwerera nayo masiku omwe amulembera asanathe. Inu ndinu Mmalawi wokhala ku Bangula, galimoto mwagula kuti ikhale kuno, ndiye kuilowetsa ngati ya mlendo ndi kunama pa pepala la boma, ndipo kunyamulira katundu wa geni pa galimoto ya TIP ndi mlandu winanso pamwamba.

Bambo ena oyandikana nafe anachita zomwezo, nambala yachilendo akuyenda nayo pakati pa Nchalo ndi Ngabu akunyamula anthu ndi matumba, miyezi ingapo zinkaoneka ngati zikuyenda. Tsiku lomwe anaimitsidwa pepala linali litatha kalekale, galimoto inalandidwa, kuti aiwombole panafunika dyute yonse ija ankaithawa kuphatikiza chindapusa ndi ndalama ya malo omwe inkasungidwa, anagulitsa ng'ombe ziwiri mayi akunyumba akulira. Mpaka lero banja lija silinabwerere mwakale. Ndiye amene akukuuzani za TIP yo mufunseni ngati adzakuthandizeni kuwombola.

Nyamithuthu 1

Koma abale tisamuopseze munthu ngati Marka si boda. Marka ndi boda yovomerezeka, a Immigration alipo a MRA alipo, ndipo mbali yathu kuchoka pa Marka kufika pa boma la Nsanje msewu ndi wabwino tsopano. Kuzungulira ku Mwanza, Zalewa, Blantyre kenako kutsika mpaka Bangula ndi mafuta ambiri komanso mafutawo masiku ano tikudziwa tonse mmene akuvutira. Ine ndikuona ngati angoimba kaye ku MRA afunse ngati galimoto yake angamalizire zonse pa Marka pompo kapena adzamuuza kuti akamalizire ku Blantyre, akamva yankho asankhe yekha. Chomwe ndikukana ine ndi njira za mtchire zija anthu amadutsa ndi njinga zamoto, galimoto yolowera kumeneko ilibe pepala lolowera ndiye siidzalembetsedwa mpaka kalekale.

Dalaivala wa Zobue

Akulu a Nyamithuthu sindikutsutsa kuti Marka ndi boda, koma taganizani galimotoyo ili kuti. Ikanakhala ili pa Mutarara ndikanavomera. Ili ku Tete, ndiye kuti afike pa Vila Nova ayenera kutsika ndi msewu wa fumbi wodzera ku Doa mpaka Mutarara, ulendo wautali pa galimoto yoti sanaidziwe khalidwe lake, ikathyoka kasipuling'i kapena pampu ya madzi ikafa pakati pamenepo sipeya akaipeza kuti? Nthawi ya mvula ndiye osayerekeza nkomwe, tonse tinaona mmene Freddy anasiyira misewu ya mbali imeneyi mu 2023. Ndipo amene akuganiza zodzera tsidya la Sena akumbuke kuti mlatho wa Dona Ana wowolokera Zambezi kupita ku Mutarara ndi wa sitima. Komanso akamaliza zonse ayenerabe kukaonekera ku Road Traffic ku Blantyre, ndiye kudzera Mwanza Blantyre yo ili panjira kale, mafuta omwe mukuti apulumutsa adzawawotchabe pokwera mtunda kuchoka ku Bangula.

Mlangizi wa Thonje Ngabu

Zonse zanenedwazi nzoona koma ine mantha anga ali pa masamu. Mwati mtengo ndi wotsika kusiyana ndi ku Limbe, koma za ku Limbe zija dyute inalipiridwa kale ndipo zambiri zili ndi nambala, yanuyo ayi. Msonkho womwe mwini wake analipira ku Mozambique poilowetsa kumeneko kuno sauwerengera, mukuyambira pa ziro. Za SADC zo muiwale, mwayi umenewo ndi wa katundu wopangidwa mmaiko a SADC momwemo wokhala ndi satifiketi yake, Bongo inapangidwa ku Japan, kugona ku Tete zaka zingapo sikuisandutsa ya ku Mozambique.

Pa boda mudzalipira dyute, excise ndi VAT malinga ndi mtundu wa galimoto, ndipo zimatengera chaka chomwe inapangidwa, kukula kwa injini komanso ngati ndi yonyamula anthu kapena katundu, yokalamba kwambiri si kuti msonkho wake umatsika ayi nthawi zambiri ndi imene imapweteka. Musadalirenso kuti adzangotengera mtengo wa pa risiti yanu, a MRA ali ndi njira yawo yoonera mtengo wa galimoto, ndiye zomauza wogulitsa kuti alembe ndalama yochepa sizikuthandizani zingokuikani mmavuto. Chitani izi, malume ajambule livrete akutumizireni pa WhatsApp, mutenge chaka, ma cc ndi nambala ya chasisi mupite nazo ku MRA kapena kwa ejenti wokhala ndi laisensi akuwerengereni musanapereke ngakhale ya chikole. Muphatikize ya despachante, ya notário, ya ejenti wa pa Mwanza, mafuta, malo ogona anthu awiri, inshuwalansi, kulembetsa, COF (pepala loti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ndi mapuleti. Mukaphatikiza zonsezo ndiye mufananize ndi Limbe. Mwina idzakhalabe yotchipa, mwinanso mudzapeza kuti kusiyana kwake ndi kochepa koti sikulipira kuvutika konseku.

TPIN, nambala yanu ya msonkho ku MRA, mukhale nayo kale musanafike pa boda, ndipo ndalama ya msonkho mukalipire nokha ku banki mutenge risiti ya dzina lanu. Anyamata oima panja pa geti omwe amathamangira galimoto iliyonse aja musawapatse mapepala anu enieni, ejenti weniweni ali ndi ofesi. Mukamaliza muonetsetse kuti Customs Clearance Certificate yatuluka ndipo chasisi yalembedwa molondola, chilembo chimodzi chikalakwika ku Road Traffic kompyuta idzakana.

Wa Nandolo Bangula

Takhuta kwambiri nonse, apa ndiye mwanditsegula mmaso. Za TIP ndazisiya, Mai a Tadala nkhani mwanenayo yandikhudza chifukwa ng'ombe zomwe ndili nazo ndi zomwe bambo anatisiyira. Malume ndawaimbira akuti mawa akajambula mapepala onse awiri ndi chitupa cha mwini wake. Chatsala ndi ichi, kuchoka pa Mwanza kufika ku Blantyre ndikhala ndilibe nambala ya Malawi, pa rodibuloko ya Zalewa ndidzaonetsa chani? Komanso laisensi yanga ya Malawi ikagwira ntchito ku Mozambique?

Dalaivala wa Zobue

Laisensi yanu ndi ya SADC ikagwira, bola ikhale yosatha komanso ya kodi yolola galimoto imeneyo, ndipo mutenge pasipoti osati border pass chifukwa Tete ndi mkati kwambiri. Mbali ya Mozambique muonetsetse kuti seguro, inshuwalansi ya galimotoyo, ikadali ndi masiku, inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA kumeneko siigwira poti iwo sali mu COMESA, mukhalenso ndi ma triangle awiri ndi kajekete konyezimira, apolisi awo amafunsa zimenezo kawirikawiri.

Mukakiliyala pa Mwanza musatuluke pa geti musanagule inshuwalansi ya Malawi, ngakhale third party, amalemba pa nambala ya chasisi ndipo mukadzapeza nambala yatsopano amakusinthirani. Pa Zalewa muonetsa mapepala a MRA, risiti ya banki, inshuwalansi, kalata ya polisi ija ndi laisensi, nambala ya ku Mozambique ikhale pomwepo musaichotse. Mapepala onsewa muwapange fotokope kawiri enieniwo muwasunge mu envulopu pa thupi panu. Ku Blantyre muyambire ku polisi a Interpol aione, kenako Road Traffic ndi Traffic Register Card yanu, akaiyeza COF ndi kukupatsani nambala, mukafuna ya kwanu ku Nsanje ya NE muwauze. Poti muzinyamula katundu wa geni mufunsenso konko za permit yake. Ndipo chonde musanatsike zitunda zopita ku Thabwa mupite nayo kwa makaniko aone mabuleki ndi mafuta ake, galimoto yoti mwaidziwa masiku atatu musaikhulupirire pa makona amene aja, mutsike ndi giya yotsika masana dzuwa likuwala komanso musananyamule kanthu kumbuyo.