In the Mood for Love yandisowetsa tulo, bwanji awiri aja sanangotengana?

Nabanda_92:
Abale dzulo usiku ndaonera filimu ya Wong Kar-wai ija ya 2000, mpaka pano mtima sukukhazikika. Nkhani yake ndi ya ku Hong Kong mu 1962, bambo Chow ndi mayi Chan akuchita lendi zipinda zoyandikana kenako nkutulukira kuti mkazi wa Chow ndi mwamuna wa mayi Chan ali pachibwenzi, umboni wake tayi ndi kachikwama basi. Iwonso ayamba kukondana koma akungouzana kuti tisakhale ngati anzathu aja. Nanga si olakwiridwa ndi iwowo, ndiye amaopa chani?

Chekaunda:
Maso a anthu achemwali. Mwaiwala pamene alandilodi anabwera mwadzidzidzi nkuyamba kusewera mahjong, masewera apatebulo achi China aja, usiku onse, mayi Chan nkukanika kutuluka mchipinda cha Chow mpaka kunacha? Palibe chomwe analakwa koma akanangoti tulukiru nyumba yonse ikanamudya wamoyo. Kenako mayi Suen, alandilodi a mayi Chan aja, kumuitana nkumulangiza kuti mkazi wapabanja samayendayenda usiku. Amene anakhalapo mpanda umodzi ndi alandilodi akudziwa zomwe ndikunena.

MaiTawina:
Ine ndikuona mosiyana pang'ono achimwene. Ku hotela komwe awiriwa ankakumana kuja, chipinda 2046, kunalibe mayi Suen, kunalibe aliyense owaona koma anali omangikabe. Miseche ija inali italowa kale mmitima mwawo, amadzilondera okha. Zinandipweteka kwambiri pomwe akuyeserera mmene adzatsanzikirane, akudziwa kuti ndi zoyeserera koma mayi uja nkulira zenizeni.

Chekaunda:
Apo mwanena zoona mayi.

Gift_Joni:
Ine chinandigwira ndi kamasitepe kaja, mayi Chan watchena diresi yothina ya kolala yaitali kungopita kukagula ma noodles ndi kafulasiki mmanja, akudutsana ndi Chow mapewa kutsala pang'ono kukhudzana, aliyense akukadya yekha. Ndakhala ku Joni zaka zingapo kutali ndi banja, kudya wekha koteroko ndimakudziwa. Tony Leung, yemwe anasewera ngati Chow, anawina mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes ndi filimu imeneyi ndipo sindikudabwa, munthu amayankhula ndi maso.

Nabanda_92:
Eee a Gift, ndiye kumapeto kuja ku kachisi wa Angkor Wat ku Cambodia mu 1966 Chow akunong'oneza chinsinsi chake pabowo lakhoma nkutseka ndi dothi, ine misozi mbwee. Bola akanamuuza mwiniwake mayi Chan.