Thandizeni: tisankhe mawu otani a kampeni ya khansala?

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru. Ndili m'komiti ya chipani mu wadi ina kuno ku Chipata, ndipo andipatsa ntchito yopeza mawu achidule oti tisindikize pa zitenje ndi malaya, komanso kulengeza pa wailesi.

Vuto n'lakuti aliyense akufuna nkhani yake ilowemo. Wina akuti feteleza, wina mtengo wa chimanga ndi mtedza, amayi akuti mijigo, anyamata a njinga akuti misewu. Tikaziphatikiza zonse, chiganizo chikutalika moti mayi wogulitsa tomato pa msika wa Kapata sangachibwereze.

Ine mtima wanga uli pa madzi ndi misewu, chifukwa izi khansala angazikankhe ku khonsolo ndi pa ndalama za CDF (thumba la boma la chitukuko cha dera la phungu). Mtengo wa chimanga suli m'manja mwake, ndipo sindifuna tinamize anthu.

Inu amene munayendetsapo kampeni, munasankha bwanji nkhani imodzi osakhumudwitsa enawo? Mawu angati ndiwo okwanira pa chitenje? Nanga tisanalipire osindikiza, tingawayese bwanji kumidzi kuti tidziwe ngati akumveka?