Foni yatsopano yopanda bowo la mahedifoni komanso wailesi ya FM

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikupempha thandizo pa foni ya Android 14 imene ndagula posachedwa, yomwe ilibe bowo la mahedifoni la 3.5 mm koma bowo limodzi lokha la USB-C lotchajira. Foni yanga yakale inkagwira wailesi ya FM popanda intaneti, popeza chingwe cha mahedifoni ndicho chinkakhala eriyo, ndipo magetsi akazima ndinkamverabe nkhani zamadzulo osalipira kanthu. Yatsopanoyi ilibe n'komwe pulogalamu ya wailesi, ndipo kunena zoona sindikuona phindu la kusinthaku.

Ndinagula kachingwe kolumikizira mahedifoni ku USB-C mumsika ku Lilongwe, koma foni sikukazindikira. Wokonza mafoni wandiuza kuti mafoni ena amafuna kachingwe kokhala ndi DAC mkati (kachipangizo kosintha mawu a digito ochokera m'foni kuti amveke m'mahedifoni). Ndayesanso kumvera wailesi pa intaneti, koma bandulo ikutha msanga, pomwe mahedifoni a Bluetooth nawo amafuna kutchajidwa, zomwe n'zovuta magetsi akamazimazima.

Kodi kachingwe ka DAC kangathandize kuti foni igwire FM, kapena kamangotulutsa mawu basi? Ngati n'zosatheka, ndi mafoni ati opezeka ku Lilongwe amene akadali ndi bowo lija komanso wailesi?